MBIRI YA COLIN MEADS, MLIMI WAMTALI WA MPIRA WA RAGIBI

Awerengi athu a ku Kasenengwa, ku Chipata ndi madera ozungulira amadziwa bwino mpira wa miyendo. Koma mlungu uno tikubweretserani mbiri ya munthu amene anachuka pa mpira wina, wochedwa ragibi, umene m'dziko lathu umaseweredwa makamaka ku Migodi ndi ku Lusaka. Munthuyo ndi malemu Colin Meads a ku New Zealand, mlimi wa nkhosa amene msinkhu wao unawapatsa dzina.

Poyamba tifotokoze za masewerawo. Mpira wa ragibi ndi wooneka ngati dzira, ndipo amaunyamula m'manja. Mbali iriyonse imakhala ndi osewera 15, ndipo 8 mwa iwo ndi akutsogolo, amuna amphamvu amene nchito yao ndi kulimbirana mpira. Mpirawo ukatuluka kunja kwa bwalo, akutsogolo a mbali zonse ziwiri amaima mizere iwiri moyang'anizana, ndipo munthu mmodzi amauponya m'mwamba pakati pao. Azungu amaucha mzere umenewu lineout. Amene wafika pamwamba koposa ndiye amagwira mpira, ndipo gulu limene lalephera kuugwira limangothamangitsa anzao tsiku lonse. Ici ndico cifukwa cace gulu lirilonse limafuna amuna awiri atali kwambiri, ovala nambala 4 ndi 5.

A Meads anabadwa pa 3 June 1936 m'tauni ya Cambridge ku New Zealand, ndipo anakulira pa famu pafupi ndi tauni yaing'ono ya Te Kuiti. Dziko la kumeneko ndi la mapiri, ndipo woweta nkhosa amakwera ndi kutsika zitunda kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Nchito imeneyi ndiyo inalimbitsa thupi lao. Atakula anafika msinkhu wa mita imodzi ndi masentimita 92, ndipo anzao anawapatsa dzina lakuti Pinetree, ndiko kuti mtengo wa paini.

M'caka ca 1955 anayamba kusewerera cigawo cao ca King Country, ndipo mu 1957 anasankhidwa kulowa gulu la dziko lonse, lochedwa All Blacks. Anakhalamo kufikira mu 1971. Anasewera masewera 133 m'gululo, ndipo 55 mwa amenewo anali olimbana ndi maiko ena. Mng'ono wao, Stan Meads, nayenso anasankhidwa, ndipo abale awiriwo anaima pamodzi pa mzere. Mu 1960 gulu lao pa ulendo wa ku South Africa linafikanso kuno kwathu ndi kusewera ku Kitwe.

M'masiku amenewo lamulo silinalole kunyamula mnzako pa mzere. Munthu anali kulumpha ndi mphamvu ya miyendo yace yokha, adani akumkankha ndi zigongono. Panali osewera ena otalika kuposa a Meads, koma iwo anadziwa nthawi yoyenera kulumpha, ndipo akagwira mpira panalibe wowalanda. Anali kuthamanganso nao ali cougwira ndi dzanja limodzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 lamulo linasintha: tsopano anzace awiri amamnyamula wolumphayo, ndipo ambiri ovala nambala 4 ndi 5 amafika mamita 2. Lero a Meads akadaoneka aafupi pa malo amenewo.

Kulimba mtima kwao kunaoneka mu 1970 ku South Africa, pamene mkono wao unathyoka pa masewera olimbana ndi Eastern Transvaal, koma iwo anatsiriza masewerawo. Komabe sitingabise zolakwa zao. Mu 1967 woyimbira anawatulutsa m'bwalo ku Murrayfield polimbana ndi Scotland cifukwa ca kusewera koopsa. Coipa cina cinacitika mu 1986, pamene anatsogolera monga mphunzitsi gulu la Cavaliers kukasewera ku South Africa, nthawi imene maiko anagwirizana kusala boma la tsankho. Tisaiwale kuti mu 1976 Zambia ndi maiko ena ambiri a mu Africa anakana kupikisana nao pa masewera a Olympic ku Montreal cifukwa ca ulendo wina wotere wa All Blacks. Cifukwa ca ulendo wa 1986 a Meads anacotsedwa pa udindo wosankha osewera a dziko lao.

Ngakhale zinali tero, anthu a kwao sanawataye. Mu 1999 anachulidwa kuti ndiwo wosewera wopambana onse wa ku New Zealand m'zaka 100 zimenezo, ndipo mu 2009 analandira ulemu wa Sir. Kuchuka konseko sikunawacotse ku Te Kuiti, kumene anamwalirira ndi matenda a khansa pa 20 August 2017, ali ndi zaka 81, patangopita miyezi iwiri cifanizo cao citaimikidwa m'tauniyo.

Inu makolo a ku Kasenengwa, m'midzi yathu muli anyamata ndi atsikana atali amene anzao amawaseka pa bwalo la mpira kuti ndi ocedwa kutembenuka. Musawagwetse mphwayi, pakuti pali masewera amene amafuna msinkhu wotere. Koma muwauzenso kuti kutalika ndi mphatso imene munthu sanaigwirire nchito. A Meads anaonjezapo mphamvu ya ku munda ndi kuphunzira nthawi yolumphira, ndipo ndi zimenezo anagwira mpira pamaso pa amuna owaposa msinkhu.