MOYO WA J. R. R. TOLKIEN, MLEMBI WA NTHANO YA MPHETE

M'laibulale ya sukulu yathu muli buku lina lokhuthala, lakutha cikuto, lochedwa The Lord of the Rings. Caka cino bukuli lautsa mikangano yambiri m'nyumba yathu yogona. Nyali zikazima, m'malo mogona timayamba kutsutsana za anthu a m'nthanoyo ndi za matsenga ao. Usiku wina mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa anafika ponena kuti Gandalf ndi mfiti, ndi kuti Mkristu sayenera kugwira buku lotere. Mauwa anandibvuta mumtima, popeza ine ndinali nditaliwerenga kawiri. Cifukwa cace pa chuthi ndinafufuza za munthu amene analilemba, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndiri kukuuzani pano.

John Ronald Reuel Tolkien anabadwa pa 3 January, 1892. Ambiri mudzadabwa kumva kuti anabadwira kuno ku Africa, mu mzinda wa Bloemfontein ku South Africa, kumene atate ace, a Arthur Tolkien, anali kuyang'anira banki. Ali kamwana kophunzira kuyenda analumidwa ndi kangaude wamkulu pabwalo pa nyumba yao. Lero ena amati ndico cifukwa cace m'mabuku ace muli akangaude oopsa onga Shelob, koma mwini wace atakula anakana, ponena kuti za kulumidwako sanali kuzikumbuka ndipo akangaude sanali kudana nao.

Mu 1895 amai ace, a Mabel, anamtenga pamodzi ndi mng'ono wace Hilary kunka ku England, cifukwa kutentha kwa ku Bloemfontein kunali kumdwalitsa. Atate anatsala pa nchito, nadwala, namwalira mu February 1896 asanaonanenso ndi ana ao. Amaiwo anakakhala pa kamudzi ka Sarehole pafupi ndi Birmingham, pamene panali mitengo, mtsinje ndi cigayo coyendera madzi. Kumeneko anamphunzitsa okha Cilatini, kujambula ndi maina a zomera. Dziko la Shire limene timaliwerenga m'bukumo linacokera ku kamudzi kameneka.

Mu 1900 a Mabel analowa mpingo wa Katolika. Abale ao anakwiya naleka kuwathandiza ndi ndalama, kotero kuti banjalo linasauka ndithu. Mu 1904 anamwalira ndi matenda a shuga ali ndi zaka 34 zokha, pakuti mankhwala a insulin anali asanapezeke. Tolkien anakhala mwana wamasiye ali ndi zaka 12, ndipo wansembe wina, Bambo Francis Morgan, ndiwo analera anyamata awiriwo.

Anaphunzira pa King Edward's School mu Birmingham. Cimene anali kukonda koposa zonse ndico zinenero. Anali kuyang'anitsitsa maina a Ciwelsh olembedwa pa ngolo za sitima zonyamula malasha, nakondwa ndi kamvekedwe kace ngakhale sanali kudziwa tanthauzo. Anaphunziranso yekha Cigothic, cinenero cimene eni ace anatha kalekale, nayamba kupeka zinenero zacezace. Pamodzi ndi anzace atatu, Rob Gilson, Geoffrey Smith ndi Christopher Wiseman, anali ndi kabungwe kochedwa T.C.B.S., kamene kanayamba ndi kumwa tiyi mobisa m'laibulale. Pa cimeneci cokha ndipempha kuti tisamtsanzire.

Ali ndi zaka 16 anakomana ndi Edith Bratt, mtsikana wamasiye amene anali kumposa ndi zaka 3, ndipo anakondana. Mu 1909 analephera mayeso opezera thandizo la ndalama lophunzirira ku Oxford. Bambo Morgan poona kuti cibwenzi ciri kuononga maphunziro, anamletsa kuonana ndi mtsikanayo, ngakhale kumlembera kalata, kufikira atakwana zaka 21. Lamulolo linali lowawa, komabe iye anamvera, cifukwa wansembeyo anali ngati atate ace. Analembanso mayesowo mu 1910 napambana, ndipo mu 1911 analowa Exeter College. Kumeneko anapeza buku la malamulo a cinenero ca ku Finland, limene linamthandiza kupeka Quenya, cimodzi ca zinenero za anthu ochedwa Elves. Cinzace, Sindarin, anacifanizira ku Ciwelsh.

Tsiku lomwe anakwana zaka 21, mu January 1913, analembera Edith kalata yomfunsira ukwati. Yankho linabwera lakuti iye anali atatomeredwa kale ndi mwamuna wina, poganiza kuti Tolkien anamuiwala. Mnyamatayo sanataye mtima. Anakwera sitima kunka ku Cheltenham, nalankhula naye tsiku lonse, ndipo Edith anabweza mphete ya mwamuna winayo. Anakwatirana pa 22 March, 1916. Akulu ananenadi zoona kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Pamenepo nkuti Nkhondo Yaikulu Yoyamba iri m'kati. Tolkien, amene anali atatsiriza maphunziro ace bwino lomwe mu 1915, anatumizidwa ku France ndi gulu la Lancashire Fusiliers, nagwira nchito yotumiza mauthenga pa nkhondo yoopsa ya ku Somme. Gilson anaphedwa pa 1 July, 1916, tsiku loyamba la nkhondoyo, ndipo Smith anafa ndi mabala mu December. Tolkien anagwidwa ndi malungo ofalitsidwa ndi nsabwe za m'maenje a asilikali, nabwezedwa kwao mu November. Tinganene kuti nsabwe ndizo zinampulumutsa. Ali kucira anayamba kulemba nthano zakale za dziko lace lopeka, cifukwa anaona kuti cinenero sicingakhale ndi moyo popanda anthu ocilankhula ndi mbiri yao. Mu 1917 Edith anambvinira m'kankhalango kena pafupi ndi Roos, ndipo pamenepo panabadwa nthano ya Beren ndi Lúthien.

Nkhondo itatha anagwira nchito pa Oxford English Dictionary, kufufuza ciyambi ca mau oyamba ndi W. Mu 1920 anapita kukaphunzitsa ku Leeds, ndipo mu 1925 anabwerera ku Oxford monga profesa wa Cingelezi cakale. Anali ndi ana anai, John, Michael, Christopher ndi Priscilla, ndipo malipiro sanali kukwana. Cotero pa chuthi anali kucongera ana a sukulu mayeso a School Certificate kuti apeze ndalama zapadera. Tsiku lina anapeza tsamba limene wophunzira wina analisiya losalemba, ndipo pa tsambalo analembapo ciganizo coyamba ca The Hobbit. Wosindikiza mabuku, Stanley Unwin, anapatsa mwana wace Rayner wa zaka 10 kuti awerenge nthanoyo, namlipira shilingi imodzi. Mwanayo anaiyamikira, ndipo bukulo linaturuka pa 21 September, 1937. Limanena za Mahobbit, anthu aafupi okhala m'nyumba zokumba m'zitunda, amene ine poyamba anandikumbutsa za Akafula a m'nthano za agogo.

Anthu anafuna nthano ina, ndipo iye anaiyamba mu December 1937 naitsiriza mu 1949, patapita zaka 12. Anali kulemba usiku atatha nchito, nataipa yekha ndi zala ziwiri popeza analibe ndalama zolipira kalaliki. Mitu ina anali kuwerengera anzace a bungwe la Inklings, makamaka C. S. Lewis, amene anamlimbikitsa pamene anafuna kuleka. Mu 1944 mitu ina anaitumiza pa positi ku South Africa, kumene mwana wace Christopher anali kuphunzira kuulutsa ndege za nkhondo. Bukulo linasindikizidwa m'magawo 3 mu 1954 ndi 1955.

Tsopano ndifike pa mikangano yathu ija. Ndinapeza kuti si ife oyamba kufunsa mafunsowa. Owerenga anali kumlembera makalata ambiri iye akali moyo, ndipo mayankho ace anasindikizidwa mu 1981.

Coyamba, kodi Gandalf ndi mfiti? Tolkien analongosola kuti Gandalf ndi mzimu wonga mngelo, wotumidwa m'thupi la nkhalamba imene imamva njala ndi kutopa. Analetsedwa kukakamiza anthu ndi mphamvu zace, pakuti nchito yace inali kulangiza ndi kulimbitsa mitima. M'nthanoyo muli mphamvu za mitundu iwiri. Ya Elves ndi luso lopanga zokongola ndi kuzisunga, koma ya Sauron ndi yofuna kulamulira ena ndi kuwasandutsa akapolo. Mphete imaoneka yokoma, koma aliyense woisunga imamdya mtima pang'ono pang'ono, ndico cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Gandalf yemweyo anakana kuilandira. Mfiti yanji imene ingakane mphamvu yoposa zonse itapatsidwa kwaulere? Ndiponso Tolkien anali munthu wokonda Misa moyo wace wonse, ndipo mu 1931 anathandiza Lewis kubwerera ku Cikristu.

Caciwiri, kodi Tom Bombadil ndani? Munthu woimbaimbayu akabvala Mphete sazimirira, ndipo amamuona Frodo pamene ena sangamuone. Ena amati ndiye Mlengi wa dzikolo, koma Tolkien anakana zimenezi mu 1954. Ena amati ndi Aulë, mmisiri wamkulu wa mizimu, ena amati ndi Tolkien mwini wace wodzibisa m'buku lace. Coona codziwika nciti? Tom anayamba ngati cidole ca Michael, cimene mkulu wace John anaciponya m'cimbudzi cifukwa cosacikonda. Cidoleco cinapulumutsidwa, ndipo atate anacilembera ndakatulo imene inaturuka mu 1934. Mu 1937 anamchula mzimu wa minda ndi nkhalango za kufupi ndi Oxford zimene zinali kutha. Kuposa apo anasiya dala osamasulira, poganiza kuti nthano iyenera kukhala ndi mwambi wina wosamasulika.

Cacitatu, bwanji ziombankhanga zazikulu zija sizinangonyamula Mphete kukaiponya m'phiri la moto? Funsoli ndilo limaticedwetsa kugona koposa onse. Ine ndiganiza kuti ulendowo unadalira cinsinsi. Sauron sanaganizepo kuti wina angafune kuononga Mphete, ndipo mbalame zazikulu zouluka poyera zikanaonedwa msanga ndi Diso lace ndi akapolo ace okwera zirombo zamapiko. Tolkien yemwe, poona mu 1958 zimene ena analemba pofuna kupanga kanema, anadandaula kuti anacurukitsa ziombankhanga ngati ngolo zokwera aliyense.

Cacinai, anzace a Gandalf anali asanu pamodzi ndi iye, koma m'nthanoyo timakomana ndi maina atatu okha, Gandalf, Saruman ndi Radagast. Awiri obvala zobiriwira ngati thambo anapita kum'mawa osabwerera. Pano mlembi anapereka mayankho awiri. Mu 1958 anaganiza kuti analephera nayambitsa magulu a zamatsenga, koma atakalamba analemba kuti anathandiza kwambiri kufoketsa ankhondo a Sauron a kum'mawa. Cotero amene amatsutsana pa nkhaniyi m'nyumba yathu, onse awiri ali ndi mboni imodzi yomweyo. Enanso amati Mphete iimira bomba la atomu la 1945, koma iye anakana, pakuti za Mpheteyo anazilemba nkhondo yaciwiri isanayambe.

Anapuma pa nchito mu 1959. Pamene mabuku ace anachuka ku America, anthu anayamba kumuimbira lamya pakati pa usiku ndi kujambula nyumba yace. Walira mvula walira matope. Mu 1968 iye ndi Edith anasamukira kufupi ndi Bournemouth kuti apeze mtendere. Edith anamwalira pa 29 November, 1971, ndipo Tolkien anamtsata pa 2 September, 1973, ali ndi zaka 81. Anaikidwa m'manda amodzi ku Wolvercote mu Oxford, ndipo pa mwala pansi pa maina ao panalembedwa Lúthien ndi Beren. Nthano zimene anayamba ali kucira malungo a kunkhondo sanazitsirize. Christopher ndiye anazisonkhanitsa nazisindikiza mu 1977 m'buku la The Silmarillion.

Zonsezi ndinamuuza mnzanga uja titabwera kuchuthi. Sanabvomere zonse, koma dzina lace tsopano liri pa mndandanda wa ofuna kubwereka bukulo, ndiye cifukwa cace mathero a nthanoyo sindinawachule pano. Kwa ine cotsala mumtima ndi ici. Munthuyu anali wamasiye monga ena a ife, analephera mayeso kamodzi monga ena a ife, nalembanso. Anakonda zinenero zimene anzace anaziyesa zopanda nchito, ndipo anamva cisoni kuti dziko lace la England linataya nthano zace zakale, nayesa kulipangira zina. Ife zathu sizinatayike. Agogo akali moyo kumudzi, ndipo nthano za Kalulu, za Napolo ndi za Akafula akali kuzidziwa. Pa chuthi cikudzaci ine ndidzatenga kope ndi pensulo kukakhala nao pamoto madzulo, ndipo ndipempha anzanga kuti nanunso mukacite cimodzimodzi.