René Laennec, Dokotala Amene Adamvetsera M'chifuwa

Mukapita kuchipatala mutadwala chifuwa, dokotala amatenga kachipangizo kamene kamakhala lende m'khosi mwake. Amaika timapaipi take tiwiri m'makutu, nagunditsa kachitsulo kozizira pachifuwa panu ndi kumsana, ndipo amakuuzani kuti mupume kwambiri. Kachipangizo kameneka dzina lake ndi stethoscope. Amene adakatulukira adali dokotala wa ku France, dzina lake René Laennec.

Laennec adabadwa pa 17 February, 1781, m'tauni ya Quimper, m'chigawo cha Brittany, kuzambwe kwa dziko la France. Ali ndi zaka zisanu zokha, amayi ake adamwalira. Atate ake adali munthu wodziwa za malamulo, koma mtima wawo udali pa kulemba ndakatulo, kotero kuti za kulera ana sadazisamale kwenikweni. Chifukwa cha ichi mwanayo adakulira m'manja mwa achibale. Poyamba adakhala ndi mbale wawo wina amene adali wansembe, ndipo pambuyo pake adapita kumzinda wa Nantes kwa atate ake aang'ono, a Guillaume Laennec, amene adali dokotala.

Masiku amenewo m'dziko la France mudali chipwirikiti chachikulu. Anthu adaukira mfumu yawo, nkhondo zidabuka, ndipo zipatala zidadzaza ndi anthu ovulala. Ali ndi zaka 14, René adayamba kuthandiza m'chipatala cha ku Nantes, kutsuka ndi kumanga mabala. Adali mnyamata wamfupi, woonda ndi wodwaladwala, koma wakhama pa maphunziro. Adaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndiponso ankakonda kuimba chitoliro. M'chaka cha 1801 adapita ku Paris kukapitiriza maphunziro, ndipo mu 1804 adakhala dokotala.

Pa nthawi imeneyo kudziwa chimene chavuta m'chifuwa mwa munthu kudali kovuta zedi. Mtima ndi mapapo zili m'kati mwa nthiti, mobisika. Makina ounikira m'thupi kudalibe. Dokotala ankangofunsa mafunso, kuyang'ana lilime ndi makhololo, ndi kugwira pamkono kuti amve kuthamanga kwa magazi. Mphunzitsi wa Laennec, Jean-Nicolas Corvisart, ankaphunzitsa njira ina yogogoda pachifuwa ndi zala. Njirayi adaiyamba dokotala wa ku Austria, Leopold Auenbrugger, amene atate ake ankagulitsa vinyo. Mgolo wopanda kanthu ukagogodedwa umalira mosiyana ndi mgolo wodzaza. Chimodzimodzinso chifuwa chimene muli mpweya chimalira mosiyana ndi chifuwa chimene mwalowa madzi. Madokotala ena ankatsamiritsa khutu pachifuwa pa wodwala, koma zomveka zake zidali zochepa, ndipo odwala ambiri, makamaka amayi, ankachita manyazi.

M'chaka cha 1816, chaka chimene adayamba ntchito pa chipatala cha Necker ku Paris, Laennec adaitanidwa kukaona mtsikana wina amene ankaoneka kuti ali ndi nthenda ya mtima. Mtsikanayo adali wonenepa, motero kugogoda sikudathandize kanthu. Kuika khutu pachifuwa pake nakonso kukadakhala kupanda ulemu. Ali chiimire, dokotalayo adakumbukira chinthu chimene ngakhale ana amachidziwa: munthu akaika khutu kunsonga kwa mtengo wautali wouma, mnzake nakanda kunsonga inayo ndi singano, kukandako kumamveka bwino lomwe. Tsono adatenga mapepala angapo, nawakulunga zolimba ngati bango. Mbali imodzi adaigunditsa pachifuwa pa mtsikanayo, mbali inayo naika kukhutu kwake. Adadabwa kwambiri, pakuti mtima udamveka kugunda momveka bwino kuposa kale lonse.

Mapepala sakhalitsa, choncho Laennec adayamba kusema yekha chipangizo cha mtengo. Chidali chobulungira, chotalika pafupifupi ngati rula ya m'kalasi, chokhala ndi chiboo kuyambira uku mpaka uko. Adachitcha stethoscope, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza chifuwa ndi kupenda. Chidali cha khutu limodzi lokha. Cha makutu awiri chidadza pambuyo pake, cha m'ma 1850, iye atamwalira kale.

Kukulunga pepala aliyense angathe. Ntchito imene idaonetsa nzeru ndi kupirira kwa munthuyu ndi imene adaigwira m'zaka zitatu zotsatira. Phokoso la m'chifuwa lidali ngati chilankhulo chachilendo chimene padalibe wochimasulira. Tsiku ndi tsiku Laennec ankayendera odwala ake, kumvetsera, ndi kulemba zonse zimene wamva. Wodwala akamwalira, iye ankang'amba mtembowo kuti aone ndi maso ake chimene chidali m'mapapo, nachiyerekeza ndi phokoso lija adalemba munthuyo ali moyo. Idali ntchito yosautsa ndi yoopsa, koma padalibe njira ina yodziwira zoona.

Mwa njira imeneyi adazindikira zambiri. Mapapo a munthu wangwiro amamveka ngati kamphepo kayaziyazi, pamene mpweya ukulowa ndi kutuluka. Chibayo chikamayamba, m'mapapo mumathetheka ngati mchere woponyedwa m'chiwaya chamoto. Timipita ta mpweya tikachepa, monga zimachitikira munthu wa mphumu, mumamveka kulira ngati mluzu. Madzi akasonkhana mozungulira phapo, wodwala nalankhula, mawu ake amamveka onjenjemera ngati kulira kwa mbuzi. Ndipo chifuwa chachikulu chikadya phapo mpaka kusiya mphako, mawu a wodwala amamveka ngati akutulukira pachifuwa pomwepo kulowa m'khutu mwa dokotala.

Pa za mtima sadalondole zonse. Adamva kuti mtima umagunda ndi maphokoso awiri otsatana, koma chowachititsa adachifotokoza molakwa. Lero kukudziwika kuti maphokosowo amadza pamene timakomo ta m'kati mwa mtima tikutsekeka, kuti magazi asabwerere kumene achokera.

Mu 1819 adasindikiza zimene adapeza m'buku lalikulu la magawo awiri, ndipo wogula bukulo ankathanso kugula chipangizo cha mtengo chija. Madokotala ena adamseka, poganiza kuti dokotala weniweni sangayende ndi kamtengo m'thumba. Koma mu 1821 bukulo lidamasuliridwa m'Chingerezi, ndipo achinyamata ophunzira udokotala adayamba kubwera ku Paris kuchokera m'maiko osiyanasiyana kudzaphunzira kumvetsera m'chifuwa. Mu 1822 Laennec adasankhidwa kukhala mphunzitsi pa sukulu yaikulu yotchedwa Collège de France.

Nthenda imene adaipenda koposa zonse idali chifuwa chachikulu, chimene chinkapha anthu ochuluka kwambiri m'mizinda ya ku Ulaya. Bwenzi lake lapamtima, dokotala Gaspard Bayle, lidafa ndi nthenda yomweyo mu 1816. Laennec ankatha kuizindikira, koma kuichiza sankatha. Kachirombo koyambitsa nthendayi adakapeza ndi Robert Koch wa ku Germany mu 1882, ndipo mankhwala ake oyamba adapezeka m'zaka za m'ma 1940. Masiku ano wodwala chifuwa chachikulu amachira akamwa mankhwala mosadukiza, kawirikawiri kwa miyezi isanu ndi umodzi. Koma m'masiku a Laennec chimene dokotala akadatha kulangiza ndi kupumula ndi kudya bwino basi. Iye ankakhulupirira kuti mpweya wa kunyanja umathandiza, mpaka nthawi ina adamwaza ndere za m'nyanja m'chipinda cha odwala ake ku Paris, kuti azipuma fungo lake.

Mu 1824 adakwatira, koma thanzi lake lidali litayamba kale kufooka. Ankatsokomola, thupi linkatentha, ndipo ankaonderaondera. Ngakhale zidali choncho adalimbikira kukonzanso buku lake, nalimaliza m'chaka cha 1826. Mbale wake Mériadec Laennec, amenenso adali dokotala, adamuika chipangizo chija pachifuwa, ndipo adamva zizindikiro za chifuwa chachikulu, zomwe zija René adazilemba yekha m'buku.

Laennec adachoka ku Paris pamodzi ndi mkazi wake, nabwerera kwawo ku Brittany, kunyumba yake ya ku Kerlouarnec, pafupi ndi nyanja. Mapepala ake a zaudokotala ndi chipangizo chake cha mtengo adasiyira Mériadec. Adamwalira pa 13 August, 1826, ali ndi zaka 45, ndipo adaikidwa m'manda a ku Ploaré, pafupi ndi kwawoko.