Samuel Morse, Bambo Amene Uthenga wa Maliro Unamupeza Mochedwa

Anzanga, ine munthu amene amandigometsa ndi Samuel Morse wa ku America, wobadwa mu 1791. Poyamba anali wojambula zithunzi. Mu 1825 ali ku Washington, mkazi wake anamwalira ku New Haven. Kalata inachedwa, moti pofika kumudzi anapeza maliro ataika kale. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa, abale!

Patapita zaka, mothandizana ndi Alfred Vail, anapanga telegalafu. Ukadina kabatani, magetsi amathamanga m'waya mpaka kutsidya. Kudina pang'ono ndi kadontho, kukanikiza ndi kamzere. Chilembo chilichonse chili ndi kadinidwe kake: E ndi kadontho kamodzi basi. Mu 1844 uthenga wake unachoka ku Washington n'kufika ku Baltimore nthawi yomweyo. Anamwalira mu 1872.

Lero zovuta timazimva pafoni tsiku lomwelo, n'kuthamangira kukaika nawo.