Johnny Unitas: Katswiri Amene Anasankhidwa pa Nambala 102

Ku United States kuli mpira wina wosiyana ndi wamiyendo umene tinauzolowera. Mpirawo ndi wooneka ngati dzira, ndipo osewera amauponya ndi manja n'kuthamanga nawo. Pafupifupi aliyense wosewera mu ligi yaikulu ya NFL amadzera ku timu ya kukoleji. Chaka chilichonse matimu a ligiyi amasankha mosinthanasinthana anyamata ochokera m'makoleji, ndipo amene anatchuka kwambiri ndiwo amatengedwa koyambirira. Funso limene ndakhala nalo ndi lakuti, kodi kuchita bwino kukoleji kumatsimikiza kuti munthu adzachitanso bwino mu ligi ya akatswiri? Mu nkhani ino ndifufuza yankho lake m'moyo wa Johnny Unitas.

Unitas anabadwa pa 7 Meyi 1933 mumzinda wa Pittsburgh. Bambo ake, amene ankachita bizinesi ya malasha, anamwalira iye akadali wamng'ono, choncho mayi ake analera okha ana. Atamaliza sekondale ankafunitsitsa kusewera ku yunivesite ya Notre Dame, koma aphunzitsi a timuyo anamuona kuti ndi woonda kwambiri. M'chaka cha 1951 analowa ku yunivesite ya Louisville, imene timu yake sinali yotchuka.

Iye ankasewera pamalo otchedwa quarterback. Wosewera ameneyu ndiye mutu wa timu, chifukwa amaona mmene otsutsana nawo aimira, n'kusankha mnzake woti amuponyere mpira. Komabe pa zaka zinayi zimene Unitas anakhala ku Louisville, timuyo inagonja kambiri kuposa mmene inapambanira. Mu 1952 yunivesiteyo inachepetsa chidwi pa zamasewero ndipo osewera ambiri anachoka. Munthu wongowerenga zotsatira za timuyo sakanaona chachilendo mwa iye.

Pa chisankho cha osewera cha 1955, woyamba kutengedwa anali George Shaw, quarterback wa ku Oregon, amene anapita ku Baltimore Colts. Timu yomweyo inatenganso Alan Ameche wa ku Wisconsin, amene mu 1954 analandira Heisman Trophy, mphoto ya wosewera woposa onse m'makoleji. Unitas anasankhidwa pa nambala 102 ndi timu ya kwawo, Pittsburgh Steelers, koma inamuchotsa ligi isanayambe, osamupatsa mpata ngakhale pa masewero okonzekera. Anapeza ntchito ya zomangamanga, uku akusewera m'katimu ka Bloomfield Rams komwe ankalandira madola 6 pa masewero alionse.

Mu 1956 Baltimore Colts inamutenga kuti azidikirira pabenchi kumbuyo kwa Shaw. Chaka chomwecho Shaw anavulala mwendo posewera ndi Chicago Bears, ndipo Unitas analowa m'malo mwake. Anayamba moipa, pakuti mpira wina umene anaponya unagwidwa ndi wosewera wa Bears amene anathamanga nawo n'kukagoletsa. Ngakhale zinali choncho, malowo sanawasiyenso. Kuyambira kumapeto kwa 1956 mpaka 1960 anaponya mpira wobala chigoli m'masewero 47 otsatizana, mbiri imene inakhala osaphwanyidwa mpaka Drew Brees anaipitirira mu 2012.

Pa 28 Disembala 1958, m'bwalo la Yankee Stadium, Colts inakumana ndi New York Giants pa masewero olimbirana ukatswiri wa ligi. Nthawi itatsala pang'ono kutha Colts inali kumbuyo, koma Unitas anaitsogolera mpaka kufananitsa zigoli. Mu nthawi yoonjezera anapereka mpira kwa Ameche, amene anagoletsa, ndipo Colts inapambana 23 kwa 17. Anapambananso ukatswiriwu mu 1959, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wofunika koposa mu ligi m'zaka za 1959, 1964 ndi 1967.

Ndikayang'ana anthu atatuwa, onse a chisankho chimodzi, ndimaona mayankho atatu osiyana. Ameche anachita bwino kukoleji ndipo anachitanso bwino mu ligi. Shaw anasankhidwa poyamba, koma atavulala sanabwezeretsenso malo ake, ndipo mu 1959 anasamutsidwira ku Giants. Unitas, amene anadutsidwa ndi mayina 101, ndiye anawaposa onse. Choncho sindinganene kuti mbiri ya kukoleji ndi yopanda ntchito. Vuto lake ndi lakuti imayeza zinthu zingapo nthawi imodzi: luso la wosewera, mphamvu za anzake, kukula kwa matimu amene akukumana nawo, ndiponso kutchuka kwa sukulu yake. Quarterback amaponya, koma wogwira mpira ndi wina, ndipo omuteteza ndi enanso. Zimene Unitas anali nazo, monga kuganiza msanga, kusaopa kugwetsedwa ndi kuyeserera kwa maola ambiri ndi mnzake Raymond Berry, sizinkaoneka m'zotsatira za Louisville. Palinso mwayi. Shaw akanapanda kuvulala, mwina Unitas akanakalambira pabenchi.

Atasewera chaka chomaliza ku San Diego Chargers mu 1973, Unitas anapuma, ndipo mu 1979 analowetsedwa mu Pro Football Hall of Fame. Masewerowa anamusiyira zipsera, moti atakalamba dzanja lake lamanja linali lovuta kugwiritsa ntchito. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 11 Seputembala 2002 ali ndi zaka 69.

Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti mu 1987 kunakhazikitsidwa mphoto ya quarterback wochita bwino m'makoleji yotchedwa Johnny Unitas Golden Arm Award, kutengera dzina la munthu amene mbiri yake ya kukoleji sinakope matimu ambiri. Ife amene tatsala pang'ono kulandira madigiri tidzayesedwanso ndi mapepala athu, ndipo ndi bwino kuti akhale abwino. Koma Steelers nayonso inali ndi mapepala onse a Unitas tsiku limene inamuuza kuti azipita.