Henry IV: Mfumu Imene Inagogoda pa Chipata cha Canossa

Henry IV anabadwa pa 11 Novembala 1050, ndipo anali asanakwanitse zaka 6 pamene atate wake, Mfumu Henry III ya Germany, anamwalira mu 1056. Amai wake, Agnes, ndiwo anagwirizira ufumu. Koma akulu a dziko, poona kuti pampando pali mwana, anayamba kulimbirana ulamuliro. Mu 1062 Anno, bishopu wamkulu wa ku Cologne, ananyengerera mwanayo kuti akwere m'ngalawa pa Kaiserswerth, nathawa naye. Chifukwa cha mantha Henry anadziponya mu mtsinje wa Rhine, koma anamuvuula ndi kupita naye ku Cologne. Chotero mfumuyo inakulira m'manja mwa anthu amene sinawakhulupirire.

Masiku amenewo mabishopu a ku Germany anali ndi minda, mizinda ndi asilikali, ndipo ufumu unkadalira iwo. N'chifukwa chake mafumu ankasankha okha mabishopu ndi kuwapatsa mphete ndi ndodo ya ubusa. Koma Hildebrand, amene anakhala Papa Gregory VII mu 1073, anatsutsa mwambo umenewu. Iye anaphunzitsa kuti papa ali ndi mphamvu yochotsa ngakhale mafumu pa mipando yao.

Mkangano unabuka pa nkhani ya bishopu wa mzinda wa Milan. Henry, amene anali atangogonjetsa anthu a ku Saxony mu 1075, anasonkhanitsa mabishopu ake ku Worms mu Januwale 1076, ndipo iwo anakana kumveranso Gregory. Mwezi wotsatira papa anadula Henry mu mpingo, namasula anthu onse ku lumbiro lao lomvera mfumu. Akalonga amene ankadana ndi Henry anapezerapo mpata. Atakumana ku Tribur mu Okutobala, anagwirizana kuti akapanda kubwezeredwa mu mpingo chaka chisanathe chidulidwire, ufumu udzapatsidwa kwa wina.

Henry anaoloka mapiri a Alps m'nyengo yozizira koopsa, pamodzi ndi mkazi wake Bertha ndi mwana wao wamng'ono Conrad. Papa anali mu linga la Canossa, la Matilda wa ku Tuscany. Kuyambira pa 25 Januwale 1077, kwa masiku atatu, mfumu inkaima kunja kwa chipata m'chipale chofewa, yopanda nsapato, itavala chovala cha munthu wolapa. Pa 28 Januwale chipata chinatseguka, ndipo Gregory anaikhululukira.

Mtendere wa ku Canossa sunakhalitse. Mu Marichi 1077 akalonga anasankha Rudolf wa ku Swabia kukhala mfumu, ndipo nkhondo ya pachiweniweni inasakaza dziko zaka zitatu. Mu 1080 Gregory anadulanso Henry mu mpingo, koma ulendo uno mabishopu ambiri anakhala kumbali ya mfumu, nasankha papa wina, Clement III. Chaka chomwecho Rudolf anadulidwa dzanja lamanja pankhondo, namwalira. Mu 1084 Henry analowa mu Rome, ndipo Clement anamuveka chisoti cha ufumu waukulu. Ankhondo a Robert Guiscard anabwera kudzapulumutsa Gregory, koma anafunkha ndi kutentha mzindawo, kotero kuti papa anayenera kuchoka nawo. Anamwalira ku Salerno pa 25 Meyi 1085.

Chisoni chachikulu cha Henry chinachokera m'nyumba yake yomwe. Conrad anamuukira mu 1093, nagwirizana ndi adani ake. Mwana wake wina, Henry V, anachita chimodzimodzi mu 1104; anagwira atate wake, nawakakamiza kutula pansi ufumu ku Ingelheim pa 31 Disembala 1105. Mfumu yokalambayo inathawira ku Liège, kumene inamwalira pa 7 Ogasiti 1106. Popeza inafa ili yodulidwa mu mpingo, mtembo wake unadikira zaka zisanu usanaikidwe pafupi ndi makolo ake m'tchalitchi chachikulu cha ku Speyer mu 1111. Mkangano wosankha mabishopu unatha mu 1122 ndi pangano la ku Worms, pakati pa Henry V ndi Papa Callixtus II.

Moyo wa Henry ukutionetsa zimene zimachitika pamene mpingo ndi boma zilukana pamodzi. Mfumu inafuna kulamulira za mpingo kuti ilimbitse mpando wake. Papa anagwiritsa ntchito chilango cha mpingo pofuna kugwetsa mfumu. Ndipo anthu wamba, amene midzi yao inatenthedwa, ndiwo analipira mtengo wake. Pa Mateyu 20:25-28 Yesu anasiyanitsa ukulu wa mafumu a dziko ndi ukulu wa ophunzira ake, umene umapezeka m'kutumikira. Ndipo 1 Yohane 1:9 akutitsimikizira kuti chikhululukiro chimachokera kwa Mulungu mwini, kwa yense wovomereza machimo ake, popanda kudikira pa khomo la munthu.

Ganizirani izi: Kodi udindo umene mwapatsidwa mu mpingo kapena m'banja mumaugwiritsa ntchito pobweza olakwa, kapena powachititsa manyazi?