Carter G. Woodson, Mphunzitsi wa Mbiri ya Anthu Akuda

Pakati pa aphunzitsi oyenera kuwakumbukira pali Carter Godwin Woodson wa ku Amereka. Iye anabadwa pa 19 December 1875 ku New Canton, ku Virginia. Makolo ace anali akapolo kale, ndipo cifukwa ca umphawi mwanayo anapita ku sukulu mwa apo ndi apo, pamene nchito ya kumunda inacepa.

Atasinkhuka, analowa nchito yokumba malasha ku West Virginia. Madzulo anali kuwerengera anzace manyuzipepala, pakuti ambiri sanadziwe kuwerenga. Iwonso anali kumsimbira za ukapolo ndi za nkhondo imene inauthetsa. Nkhani zotere m'mabuku a sukulu munalibe. M'caka ca 1895, ali pafupi ndi zaka 20, analowa sukulu ya sekondale ku Huntington, naitsiriza zaka ziwiri zisanathe. Anaphunziranso ku Berea College ndi ku Chicago, naphunzitsa ku zisumbu za Philippines. Mu 1912 analandira digiri ya udokotala wa mbiri ku Harvard, ndipo anali wakuda waciwiri kuilandira kumeneko, woyamba ndiye W. E. B. Du Bois.

Cimene cinamsautsa mtima ndi ici: mwana wakuda anali kuphunzira za mitundu ina yonse, koma za makolo ace sanamve kanthu, ndipo potero anayamba kudzipeputsa. Cifukwa cace mu 1915 Woodson ndi anzace anayambitsa bungwe la Association for the Study of Negro Life and History, ndipo mu 1916 anayamba kusindikiza Journal of Negro History. Mu February 1926 anakhazikitsa sabata lokumbukira mbiri ya anthu akuda m'masukulu. Buku lace lochuka, The Mis-Education of the Negro, la mu 1933, lidzudzula maphunziro olekanitsa munthu ndi mtundu wace. Aphunzitsi sanawaiwale: mu 1937 anawayambitsira Negro History Bulletin, kuti apezemo zophunzitsa ana. Analembanso za Afrika m'buku la African Heroes and Heroines mu 1939.

Woodson sanakwatire. Anamwalira ku Washington pa 3 April 1950, mayunivesite akulu asanavomereze maphunziro amene anawagwirira nchito. Koma mu November 1968 ophunzira a ku San Francisco State College ananyanyala maphunziro kufikira March 1969, ndipo caka comweco cigawo ca Black Studies cinakhazikitsidwa kumeneko. Mayunivesite ena ambiri anatsatira. Mu 1976 sabata lija linasanduka mwezi wathunthu m'dziko lonselo.

Aphunzitsi anzathu, akulu odziwa mbiri ya mtundu wathu akali ndi moyo m'midzi yozungulira sukulu zathu. Tiwafunse ndi kulemba zimene adziwa asanatisiye, kuti ana athu akhale naco cowerenga.