Allan Namoko: banjo ya ku Thyolo inandipeza m'chigafa ku Kasungu

Nyimbo za Allan Namoko ndinazidziwira m'chigafa cha fodya kuno ku Kasungu. Matenanti ambiri pa esiteti ya pafupi ndi kwathu anali ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo wailesi ikangoika Lameki, kusoka fodya kunkayamba kwaima kaye. Ine, pokhala mwana, ndinkangoseka kaliridwe ka banjoyo. Eni ake anali atakumbuka kumudzi.

Namoko anabadwa mu 1956 m'boma la Thyolo ndipo anali wosaona. Sanadikire situdiyo kapena zida zodula. Iye ndi banjo yake, kumbuyoku anzake a Chimvu River Jazz Band, basi. Ankaimba m'Chilomwe ndi m'Chichewa, ndipo nkhani ankazitola pamudzi pomwepo: za chikondi, za mabanja ogwedezeka, za umasiye. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, MBC inafikitsa mawu ake ponseponse m'dziko muno. Chimbale chake cha Ana Osiidwa chinadzatuluka mochedwa, mu 1992. Anamwalira mu 1995 asanakwanitse zaka 40, wotchuka koma wosauka.

Lero anzanga ojambulira nyimbo pa laputopu kuchipinda amadzitcha ma indie. Sindikutsutsa. Koma njirayi Namoko anailambula kalekale, ndipo sanabwereke mawu a munthu. Pa bandulo yomwe timathera posaka mabiti a ku Lagos, tipatuleko pang'ono timumvere mkuluyu, kenako tikawafunse agogo nthano zawo akadali moyo.